A Chisale ndi Jenereta ya pa Bwato Lathu

Fakitale ya mabulangete imene ndinkagwirako itatseka zipata, ndinakhala nthawi yaitali pakhomo ku Budiriro ndikuwerenga mizere ya malata. Tinkachita lendi chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya eni ake, ine, amake Rudo ndi ana athu atatu. Mkazi wanga ankagulitsa tomato pakona ya msewu, ine n'kumalawirira kukaima pamzere wa mjigo, umene kuno timati chibhorani, kuti anthu asanene kuti mwamuna wa m'nyumba ija sagwira kanthu. Ndiye m'bale wina wa kumpingo atandiuza kuti ku Mozambique, panyanja ya Cahora Bassa, akufuna amuna a m'mabwato ogwira kapenta, tinsomba tonga usipa, sindinafunse zambiri. Madzi aakulu amene ndinkawadziwa anali a mtsinje wa Mukuvisi nthawi ya dzinja. Koma kufakitale ndinkathandiza amakanika, sipanala ndinkadziwa kagwiridwe kake, ndipo ndinaona kuti Ambuye sanandiphunzitse zimenezo pachabe.

Tsiku lonyamuka amake Rudo sanalire. Anandisokera kathumba mkati mwa buluku kosungiramo pasipoti, tinagwada pakati pa bedi ndi zigubu za madzi, iye n'kupemphera mwachidule ngati munthu amene wasiya mphika pamoto. Anati, "Atate, munthu uyu sadziwa kusambira. Inu mukudziwa." Basi, ameni.

Ulendo wake unali minibasi, kuno timati kombi, mpaka ku Mbare, basi mpaka ku Nyamapanda, kenako lole ya kampani imene inatigwedeza mpaka mafupa kuiwala malo awo. Msasa wathu unali pagombe la miyala: zisakasa za bango ndi malata akale, ndi mathandala aatali oyanikapo kapenta. Dzuwa la kumeneko ndi ng'anjo. Mchere unkang'amba zala, udzudzu sunkadziwa Sabata, ndipo posamba wina ankaima pamwala kuyang'anira ng'ona. Fungo la kapenta linalowa m'zovala, m'bulangete, ngakhale m'masamba a buku langa la Mawu a Mulungu, moti mpaka lero ndikalitsegula mphaka wa eni nyumba amabwera kudzamvera nawo.

Bwato la kapenta si lokongola. Ndi thandala lachitsulo loyandama pa migolo iwiri italiitali, kumbuyo kwake kuli ukonde wozungulira wotsitsa ndi winchi. Kapenta amagwidwa mumdima chifukwa amatsata kuwala. Mumayatsa mababu pamwamba ndi lina pansi pa madzi, n'kudikira kuti asonkhane. Akachuluka mumathimitsa apamwamba, iye n'kutsikira ku babu la m'madzi limene lili pakamwa pa ukonde, inu n'kupukusa winchi. Zonsezi moyo wake ndi jenereta. Ikazima nthawi isanakwane, nsomba zonse zimene mwaziitana zimabalalika ngati nkhosa zopanda mbusa, n'kuyambiranso. Malipiro athu ankatsata kulemera kwa nsomba, ndiye jenereta ija inali mphika wa mabanja athu tonse. Woisamala ndinali ine.

Kaputeni wathu anali Tichaona, Mshona wa ku Warren Park, wamtali, wosachedwa kupsa mtima komanso wosachedwa kuiwala. Chichewa anachitola kwa anansi ake, ndipo ankachilankhula ngati akutafuna chimanga chouma. Wina anali Zeka, Mnyungwe wa ku Tete, amene sankatha kudya popanda kuseka munthu. Chifukwa ndinkapemphera tisanatsitse ukonde, anandipatsa dzina loti Madzibaba, lomwe kuno amaitanira amuna a mipingo ya zovala zoyera, ngakhale ine si wa kumeneko. Ndinalikana dzinalo mpaka kutopa, kenako ndinayamba kuyankha. Malungo atandigwetsa, Zeka yemweyo ndiye ankandimwetsa phala ndi supuni, akundinyoza kuti, "Meza, Madzibaba. Kumwamba sanakulembere malo, akuti ukununkha nsomba." Tichaona anasamala jenereta yekha masiku onsewo, ndipo gawo langa sanalidule.

Zimene ndinkapeza ndinkatumiza ndi dalaivala wa lole, pamodzi ndi thumba la kapenta wouma loti amake Rudo azigulitsa pa kapu. Nditapita kunyumba patchuthi choyamba, mwana wathu wamng'ono anathawira kuseri kwa siketi ya amake. Rudo anali atatalika kundifika m'khutu, ndikamufunsa m'Chichewa ankandiyankha m'Chishona. Mkazi wanga anali atamanga kamsika kofolera ndi malata osandifunsa, ndipo anachita bwino. Ndinaphunzira kufunsa kumene kumakhala masupuni m'nyumba yanga yomwe. Zinandiwawa pang'ono, koma ndinayamika, chifukwa mbewu imene unaisiya m'munda ukaipeza yakula sukwiya kuti sinakudikire.

Patchuthi chimenecho ndi pamene a Chisale anandikokera pambali titaweruka m'kalasi ya sukulu imene mpingo wathu umasonkhanamo. A Chisale anali mkulu wa imvi, wobadwira pa famu ya fodya cha ku Marondera, bambo awo anachokera ku Dedza. Ntchito ya pa famu itatha anabwera m'tauni, n'kumakhala pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu kukonza nsapato, maambulera ndi zigubu. Mwana wawo wamkazi anapita m'chaka cha kolera, n'kuwasiyira adzukulu atatu.

"Bambo a Rudo," anatero atagwira chipewa m'manja, "kumene mukugwirako safuna nkhalamba?"

"Ntchito yake ndi yowawa, bambo."

"Kuwawa ndikukudziwa. Ndafunsa ngati safuna."

Pa bwato lathu panali patachoka munthu mmodzi. Ndinawatenga, ndipo pamaso pa Tichaona ndi a manijala ndinaika dzina langa pa iwo.

Masiku oyamba ankasanza, koma manja awo sankadziwa kukhala. Ukonde ukang'ambika, anali atausoka kale. Majombo a Zeka anawamata, ketulo yathu anaiikira chogwirira. Tichaona ankawatcha sekuru, ndiye kuti agogo, ndipo potchula dzina limene kuno amatiitanira ife olankhula Chichewa ankati, "MaBhurandaya inu, mukagona manja mumawasiya akugwirabe ntchito?"

Sipanapite nthawi yaitali jenereta inayamba kuzima.

Inkayaka bwinobwino, n'kuyenda mpaka nsomba zitayamba kuwira pansi pa mababu. Kenako liwu lake linkatsika, n'kukwera, n'kutsikanso ngati munthu wa mphumu, mababu n'kufiira, ndiye zii. Tichaona ankakalipa, Zeka ankatukwana m'Chipwitikizi, mafunde akumenya migolo. Ine ndinkathamanga ndi tochi pakamwa, n'kutsegula chivindikiro cha thanki kuona ngati dizilo watha. Mafuta ankapezeka ali tho. Ndinkatseka, n'kutulutsa mpweya pa pampu, n'kuika dzanja pa injini ndi kunena kapemphero, kenako n'kupukusa. Inkayaka. Koma nsomba zinali zitapita, ndipo patsogolo pake inkazimanso.

Masana anzanga akugona ine ndinkakhala nayo. Ndinasintha sefa ya mafuta. Ndinatsuka sefa ya mpweya. Ndinakhuthula thanki kuopa kuti mwalowa madzi, n'kusefa dizilo pansalu. Ndinapemerera paipi iliyonse ndi pakamwa mpaka chakudya chonse kumakoma dizilo. Ndinayang'ana oilo, lamba, mawaya. A manijala anatipatsa pampu ya pa bwato lina lomwe linali pamtunda, ndinaimanga, osathandiza. Ndikailiza masana kwa kanthawi inkalira ngati yatsopano, ine n'kuyamika Mulungu kuti ndapeza vuto. Tikafika pakati pa nyanja inkandichititsa manyazi.

Chimene sindinkachikana n'chakuti ndikapemphera inkayakadi. Zeka, amene sanapondepo m'tchalitchi chibatizidwire, anayamba kuvula chipewa ndikaika dzanja pa injini. Ndipo pamenepa ndi pamene panachokera zoipa, chifukwa anthu anati chinthu chimene chimamvera pemphero koma chosamvera sipanala si matenda a chitsulo.

Zinayambira m'mabwato ena. Ankati tikudutsa, "Inu mwanyamula munthu wolemera." Wina anawerengera kuti jenereta yathu sinazimepo nkhalamba ija isanabwere. Wina anati munthu amene imfa inalowa m'nyumba mwake amayenda nayo. Zeka anayamba ngati nthabwala: "Madzibaba, m'buku lako muja si muli mneneri amene anzake anamuponya m'nyanja, mphepo n'kuleka? Tiyese, sekuru ndi opepuka." Koma makreti atapitiriza kubwera opanda kanthu, nthabwala ija inauma. Pa nthawi ya chakudya a Chisale ankapezeka akudya okha. Iwo sankadandaula, ankangowonjeza kugwira ntchito.

Loweruka lina Tichaona anandiitanira kuseri kwa mathandala.

"Madzibaba, zvakaoma, zinthu zavuta. Lole inyamuka Lolemba m'mawa. Sekuru akwera."

"Alakwa chiyani?"

"Sindinati alakwa. Inenso ndili ndi ana. Zeka akuti sakweranso bwato ngati iwo alimo, ndipo a manijala avomera."

"Akafika ku Budiriro manja ali lende, adzukulu aja adya chiyani?"

Anayang'ana kumbali. "Ndiwe wa jenereta. Ndiwonetse matenda ake ndi chala, ine ndikalankhula ndi a manijala. Ukalephera, usandifunsenso."

Lamulungu m'mawa tinkasonkhana anthu ochepa pansi pa mlambe. Tsiku limenelo ndinagawa mawu ine, za kuyenda m'kuunika, koma mtima wanga unali pagombe. A Chisale anatseka ndi pemphero. Anapempherera Tichaona, Zeka, a manijala, ngakhale jenereta, osadzitchula okha. Ine sindinkagwira sipanala pa tsiku la Ambuye. Koma ng'ombe ikagwera m'dzenje pa Sabata suidikiritsa, ndiye nditachoka pamenepo ndinapita ku bwato.

Ndinaganiza zoti ndisamasule kanthu. Ndinadzaza thanki mpaka pakamwa monga tinkachitira ponyamuka, ndinayatsa mababu onse dzuwa lili paliwombo, n'kukhala pansi pambali pake. Msasa wonse unali mtulo. Ndinati, Ambuye, nzeru zanga zatha, lero ndingokhala pano mpaka mundionetse. Inalira nthawi yaitali, thukuta likundiyenderera, mpaka ndinayamba kuwodzera. Kenako liwu lija linatsika, n'kukwera, n'kutsika. Zii.

Kunalibe mphepo, kunalibe wokalipa. Ndinatambasula dzanja monga mwa masiku onse, n'kupotokola chivindikiro cha thanki. Ndinamva kaphokoso kakang'ono, fyuu, ngati munthu amene anamutseka pakamwa ndiye wamusiya. Thanki inali kukoka mpweya.

Chivindikiro chili m'manja, ndinamvetsa. Pa chivindikiro chotere pamakhala kabowo kochepa ngati diso la singano, kolowetsa mpweya mafuta akamatsika. Kakatsekeka, thanki imagwira mafuta ake, injini n'kufa ndi ludzu mafuta ali pamutu pake. Nthawi zonse zija ndinkati ndikuona ngati dizilo watha, ndinali kuipumitsa osadziwa, ndipo m'chipwirikiti cha panyanja kaphokoso kaja sindinkakamva. Ndinapukuta chivindikiro ndi malaya n'kuchiyang'ana padzuwa. Kabowo kanalibe. Pamalo pake panali kadontho ka pulasitiki wabuluu, wosungunula bwino, wosalaza ndi mpeni wamoto mpaka kulingana ndi chitsulo. Ntchito yaukhondo. Dzanja limenelo ndinkalidziwa, chifukwa zigubu za m'nyumba mwanga zinali ndi timadontho totero.

A Chisale ndinawapeza m'chisakasa akupinda bulangete, kukonzekera lole. Ndinakhala pakhomo n'kuwapatsa chivindikiro.

"Bambo, ichi mukuchidziwa?"

Anachiyandikitsa kumaso. "Ee. Chinali ndi bowo. Ndinachikonza sabata yomwe ndinafika, inu mutagona. Bwato likagwedezeka mafuta ankachita thukuta pamenepa. Sichinadonthenso, eti?"

"Sichinadonthe. Koma bowo lija anachita kuliboola dala. Ndi mphuno yake."

"Mphuno?"

"Thanki imapumira pamenepo. Ikalephera kupuma, injini imazima."

Anakhala pansi pang'onopang'ono pa bulangete lija. Kwa nthawi ndithu ankangochitembenuza m'manja.

"Chitsulo kupuma," anatero motsitsa. "Ine chichokereni mwana wanga uja, bambo a Rudo, ndikaona bowo pa chotengera sindigona. Pamene patuluka dontho ndi pamene palowa dothi. Madzi amene anamwa aja anali a m'chigubu chobooka, chokhala pansi. Ndiye ndinati ana awa andilandira bwino, ndiwakonzere."

Mtima wanga unasweka, ndipo woyesa uja sanachedwe. Ndinati, "Tichite chonchi. Nditokosa ndi waya, ndikanena kuti munalowa dothi ndi dzimbiri. Palibe adziwe."

Anandiyang'ana ngati ndawaponda chala.

"M'mawa muja pansi pa mlambe munkanena za chiyani?"

Ndinakumbukira za kuyenda m'kuunika zija.

"Ndakalamba, sindingadye nsomba za bodza. Ana a eni agona ndi njala chifukwa cha manja angawa. Ngati n'kukwera lole, ndikwere akudziwa chimene ndakwerera. Tiyeni."

Tichaona ndi Zeka anali pamthunzi akusewera tsoro, bawo wa kuno, pa maenje okumba pansi. A Chisale anavula chipewa, anagwada bondo limodzi monga ankachitira pa famu, n'kupereka chivindikiro ndi manja awiri. Anafotokoza okha zonse, ine n'kungowonjezera za mpweya. Ndinali wotsimikiza kuti zatha.

Tichaona anaimirira, mitsempha ya m'khosi itatuluka. "Sekuru, mukudziwa nsomba zimene tataya? Mukudziwa zimene mkazi wanga wandiuza pa foni?"

"Ndikudziwa, mwanangu. Ndalakwa."

"Ndani anakutumani?"

"Palibe."

Anatembenuza chivindikiro, akukanda kadontho kaja ndi chikhadabo. Sikanasunthe. Anayesanso ndi dzino. "Mwamata ndi chiyani chimenechi?"

"Chogwirira cha ndowa yakale, ndi mpeni wa pamoto."

Zeka anayamba kugwedezeka mapewa. Anayesa kudzigwira, analephera, anagwa chagada pa maenje a tsoro. "Ndowa," ankatero akupukuta misozi. "Ine ndagula mankhwala kwa sing'anga, ndamanga m'chiuno, ndikuopa ndowa." Kenako analoza ine. "Nanga iwe Madzibaba, ndakhala ndikuvulira chipewa munthu wotsegula chivindikiro?"

Ndinati ndinkapempha kuti Mulungu ayatse injini, pamene Iye ankadikira kuti ndikhale chete. Zeka anati ayi, ndimubwezere ulemu wake wonse umene anawononga pa ine.

Tichaona sanaseke msanga. Anati amayi ake ku Warren Park ali ndi zidebe zomatamata chomwechi, ndipo munthu akataya chimodzi amalira ngati maliro. Kenako anawagwira a Chisale pamkono. "Dzukani sekuru, mukundichititsa manyazi. Munthu wa tsoka sindingayende naye pamadzi, chifukwa tsoka silimasulidwa ndi sipanala. Koma munthu wolakwitsa, aa, bwato lonseli ndi la olakwitsa. Zeka anagwetsera nangula m'madzi osamanga chingwe."

"Chingwe chinali chowola," anatero Zeka.

Pamenepo ndinazindikira chimene bodza langa likanachita. Ndikananena za dothi, jenereta ikanachira, koma anthu akanati dothilo linabwera ndi nkhalamba, ndipo tsiku lina babu likanangopsa akanawalozanso. Mlandu umene unali ndi dzina ndi umene unatheka kukhululukidwa. Ine ndinkafuna kuwabisa mumdima womwewo umene unkawadya.

A manijala anamva nkhaniyo, anapukusa mutu, n'kunena kuti akhulupirira akaona makreti. Tinaboola kabowo kaja ndi sipoko ya njinga. Tichaona anapinda sipokoyo, anaimanga pa chingwe n'kuwakoloweka a Chisale m'khosi. "Kuyambira lero bowo ili ndi lanu. Tisananyamuke muzilitokosa. Mabowo ena onse a pa bwato lino muziyamba mwafunsa Madzibaba ngati ndi mphuno kapena chilonda."

Usiku umenewo jenereta inalira osatsokomola mpaka kucha.

A Chisale anakhala nafe zaka zingapo pambuyo pake, mpaka mdzukulu wawo wamkulu atayamba ntchito, ndipo tinabwerera limodzi ku Budiriro tonse tili ndi mawondo olira. Tichaona ndimakumana naye nthawi zina ku Mbare. Za Zeka sindinamvenso, koma ndimamutchula m'pemphero, ndipo ndikudziwa kuti akanamva akanaseka.

M'mawa wa Lolemba uja tinafika pagombe makreti ali odzaza, lole ili kale pamsewu injini ikulira. Dalaivala anatulutsa mutu pawindo.

"Akuti pali wokwera. Ali kuti? Dzuwa likundithera."

"Palibe wokwera," anatero Tichaona. "Pita."

A Chisale anati adikire pang'ono. Analowa m'chisakasa, anamasula mtolo umene anamanga dzulo lake, n'kubweza bulangete pamphasa. Anatuluka ndi kathumba ka kapenta wouma kamene ankati akalowe nako m'nyumba kuti asafike chimanjamanja, anakapereka kwa dalaivala, n'kumulongosolera mtengo wa m'mbali mwa msewu pamene akafunse akazi awo, Mayi Chisale.

"Ndikawauze chiyani?" anafunsa dalaivala.

Anagwira sipoko ija pachifuwa, n'kuganiza pang'ono.

"Mukawauze kuti ndili bwino. Ndipo ntchito andiwonjezera."